Kusiyana kwa "Kuikanso" ndi "Kufufuta" pa Nkhani za Kompyuta

Pa makompyuta oyendera Linux, gawo limene limaonetsa zithunzi ndi timabokosi pagalasi ndi losiyana ndi gawo losunga zolembedwa. Gawo loonetsali nkoyenera kulitcha dongosolo la mazenera. Chitsanzo chake ndi X Window System, imene inayambidwa ku MIT m'chaka cha 1984, ndipo mtundu wake wa X11 unatuluka mu 1987. Dzina loti Windows ndi la malonda a Microsoft, choncho silimasuliridwa.

Dongosolo la mazenera likaonongeka, galasi limangoda bii, koma zolembedwa zimakhalabe m'kati. Pa Debian, munthu amadina Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi, nalemba dzina lake ndi mawu achinsinsi. Kenaka, intaneti ilipo, amalemba lamulo loti sudo apt install --reinstall xserver-xorg-core, nazimitsa makinawo ndi kuwayatsanso. Ntchito imeneyi ndiyo kuikanso: kubwezera gawo limodzi m'malo mwake popanda kukhudza zina.

Kufufuta ndi kuchotseratu zonse zimene zasungidwa, ndipo apa mpamene omasulira ayenera kusamala. Mphunzitsi wa kwa Champiti m'boma la Ntcheu akawerenga malangizo oti "fufutani muyambirenso", pamene mlembi amatanthauza kuikanso, angathe kutaya malikisi a ophunzira a chaka chonse chifukwa cha vuto laling'ono. Motero alembi, akonzi ndi aphunzitsi asasinthanitse mawu awiriwa.