Mtima Wodwala Usagonekedwe Pamkeka

Lero tikambe za munthu amene wapulumuka ku nthenda yotseka mitsempha ya mtima, ndi zimene zingamthandize kuti nthendayo isabwerenso.

Kale madokotala ankagoneka wodwala wotere pabedi milungu 6, poopa kuti akayenda mtima uima. Koma m'chaka cha 1952, madokotala aŵiri a ku Boston m'dziko la America, a Samuel Levine ndi a Bernard Lown, anaonetsa kuti odwala okhazikidwa pampando masiku oyamba ankapeza bwino. Lero zipatala zambiri zili ndi chithandizo cholimbitsanso mtima. Kaŵirikaŵiri chimatenga milungu 12, ndipo wodwala amachita maseŵera olimbitsa thupi katatu pamlungu, madokotala akumuyang'anira, naphunzitsidwanso za kadyedwe ndi kuleka fodya.

Kodi kuyenda kumathandiza bwanji mtima? Taonani khasu losiyidwa panja: mpweya wa okosijeni ndi chinyezi zimalichititsa dzimbiri. M'thupinso, pamene ziŵalo zikugwiritsa ntchito okosijeni, pamatsala tizinthu taukali timene timaononga mafuta a m'magazi otchedwa kolesterolo. Fodya, nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimachulukitsa tizinthuti. Mafuta oonongekawo akakanirira m'khoma la mtsempha, maselo oyera a m'magazi amathamangira kukawameza, ndipo pamalopo pamatupa mwakachetechete. Chotupacho chikang'ambika, magazi amaundana, mtsempha n'kutsekeka.

Munthu akamayenda ndawala, tizinthu taukalito timachuluka kanthaŵi kochepa. Thupi pozoloŵera limapanga zodzitetezera zambiri zimene zimatithetsa mphamvu. Magazi oyenda mwamphamvu amachititsanso makoma a mitsempha kutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umafeŵetsa ndi kutanula mitsemphayo. Pakapita milungu, chizindikiro cha kutupa chimene madokotala amapima m'magazi, chotchedwa CRP, chimatsika mwa odwala ambiri.

Ena amaganiza kuti mapiritsi a mavitamini angagwire ntchito yomweyi. Kafukufuku wamkulu wotchedwa HOPE, amene zotsatira zake zinalengezedwa m'chaka cha 2000, anapeza kuti vitamini E sanachepetse imfa kapena kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Chitetezo chenicheni ndi chimene thupi limadzipangira lokha likamagwira ntchito.

Komabe chenjerani. Musayambe maseŵera alionse dokotala asanakupimeni ndi kukulolani. Yambani ndi mtunda waufupi, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Mukamva kupweteka pachifuŵa, chizungulire kapena phuma losazoloŵereka, imani ndipo pitani kuchipatala msanga. Mankhwala amene munapatsidwa musawaleke.

Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, musamletse kuyenda chifukwa chomumvera chisoni. Mperekezeni m'maŵa kapena madzulo dzuŵa litapepa, mukucheza naye panjira. Ngati akutha kuyankhula osabanika, ndiye kuti liŵiro lake lili bwino.