KACHIDUTSWA KA MNOFU KAMAULULA DZINA LA MATENDA

Mayi wa ku Nsaru akapeza kabulu kolimba m'bere, kapena mwana akatupa chibwano, achipatala amawatumiza ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe. Kumeneko dokotala amapempha kuti atape kachidutswa ka mnofu pa chotupacho kuti kakapimidwe. Apa ndi pamene ena amabwerera kumudzi, poopa kuti mpeni ufalitsa nthendayo. Chimene chimapha ndicho kuchedwa.

Khansa ilipo yamitundumitundu. Zotupa ziŵiri zingaoneke zofanana m'maso mwathu, koma mankhwala ake n'kukhala osiyana. M'chaka cha 2011, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi University of North Carolina ya ku Amereka unatsegula labotale yopimira minofu pa chipatala cha Kamuzu.

Kachidutswa kaja amakaumitsa m'phula, nakadula mopyapyala kuposa tsitsi limodzi, nakaika pagalasi. Kenaka amadonthezapo asilikali a m'thupi otchedwa antibody, opangidwa ndi akatswiri a sayansi. Monga kiyi amatsegula loko wake yekha, antibody aliyense amagwira chizindikiro chimodzi chokha. Akachigwira, malowo amasanduka odera, ndipo dokotala amawaona pa makina okulitsa tizinthu tating'ono. Chizindikiro cha CD20 chimapezeka m'khansa zina za m'mwanabere, kuphatikizapo ya Burkitt imene imatupitsa ana chibwano. Cha LANA chimatsimikiza khansa ya Kaposi, ija ya zigamba zakuda pakhungu. Cha ER chikapezeka m'khansa ya m'bere, mayi angathandizidwe ndi mapiritsi a tamoxifen.

Kodi tingakhulupirire bwanji zotsatira zake? Alimi a fodya tikudziŵa kuti sikelo yabwino imayesedwa ndi chitsulo chodziŵika kale kulemera kwake. Chimodzimodzinso antibody amayamba ayesedwa pa mnofu umene nthenda yake ndi yodziŵika. Akalephera pamenepo, ntchito yonse imabwerezedwa, chifukwa yankho lolakwa lingapatse munthu mankhwala amphamvu amene sakumuyenera.

Tsono abale ndi alongo, chotupa chosachoka musachitemere mphini. Pitani nacho msanga ku chipatala cha Nsaru, Kabudula kapena St Gabriel ku Namitete. Akakupemphani mnofu, lolani. Sungani bwino buku lanu la kuchipatala, ndipo bwererani pa tsiku limene mwauzidwa. Zotsatira zikachedwa, funsani osatopa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.