Musanagule TV ya Bizinesi, Werengani Maola

Mbale wathu wina wa ku Nkhotakota anasamukira ku Chitipa kukachita geni. Anatsegula tiyirumu pa boma, ndipo ataona kuti tiyi amayenda malonda pakakhala mpira, anaoloka malire kukagula wailesi yakanema ku Tunduma m'dziko la Tanzania. Anasankha yaikulu koma yotsika mtengo, yonga imene timaika pa balaza. Ankaiyatsa akangochoka ku Swala ya Subuhi, n'kudzaizimitsa usiku Isha itapita kale. Chaka chisanathe, galasi linayamba kuda mbali imodzi, kenaka zithunzi zinazimiratu, kunangotsala mau okha. Atabwerera nayo kwa wogulitsa, anamuonetsa timalemba ta pa chikalata cha waranti tonena kuti TV imeneyo inali ya m'nyumba, osati ya pa malo a malonda. Ndalama yogulira inapita, ya ulendo nayo inapita.

Kufikira mu 1999 pamene Television Malawi inatsegulidwa, dziko lathu linalibe nyumba yakeyake ya kanema, ndipo ambiri tinadziwira zithunzi zoyenda ku nyumba za vidiyo. Lero TV ili m'malesitilanti, m'maresitihausi ndi mometera tsitsi, kuyambira ku Mangochi mpaka ku Chitipa. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti makampani amapanga mitundu iwiri: ya m'nyumba ndi ya bizinesi.

Kusiyana kwake kuli pa maola. Banja likamaonera maola 4 pa tsiku, pa chaka ndi maola 1,460. Mbale wathu uja ankaonetsa maola 14 pa tsiku, ndiye kuti 5,110 pa chaka. Tsono chaka chimodzi m'tiyirumu chikufanana ndi zaka zitatu ndi theka pa balaza. Kuseri kwa galasi kuli timababu tating'onoting'ono ta LED timene timawalitsa zithunzi. Timeneti tikatentha tsiku lonse osapuma timapsa, ndipo n'chifukwa chake mau amamveka koma zithunzi osaoneka. Fumbi la chilimwe la ku Chitipa, kapena kutentha kwa kunyanja m'mwezi wa October, kumangofulumizitsa vutoli.

TV ya bizinesi inapangidwa kuti ipirire zimenezi. Pa bokosi kapena m'buku lake pamalembedwa 16/7, kutanthauza maola 16 tsiku lililonse, kapena 24/7, usana ndi usiku. Imatulutsa kutentha bwino, imawala kwambiri kotero kuti imaoneka ngakhale chitseko chili chotsegula masana, ndipo waranti yake kawirikawiri imafika zaka zitatu, pamene ya m'nyumba nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi. Kuipa kwake ndi kwakuti ndi yodula, siipezeka m'sitolo iliyonse, ndipo ina siigwira masiteshoni payokha popanda dikoda. Funsani zimenezi musanalipire.

Kodi ndiye kuti aliyense agule ya bizinesi? Iyayi. Ngati mumaonetsa mpira wokha Loweruka ndi Lamulungu, kapena nkhani za madzulo, ya m'nyumba ikukwanirani, ndipo kugula yodula kungakhale kuononga chuma kumene chipembedzo chathu chimaletsa. Koma ngati TV ndiyo khasu lanu, yoyaka kuyambira m'mawa mpaka usiku, yotsika mtengo ija mudzaigula kawiri kapena katatu.

Kaya mwasankha iti, kumbukirani magetsi. Akazima n'kubwera mwamphamvu amaotcha TV yodula ndi yotchipa chimodzimodzi, ndipo waranti siilipira zimenezo. Gulani kachipangizo kotchinjiriza magetsi, makamaka ngati mumagwiritsa ntchito jenereta. Musaitsamiritse TV kukhoma kwenikweni. Siyani mpata woti mpweya uzidutsa, ndipo muzipukuta fumbi. Ganiziraninso kumene mukugula. Katundu wa kunja kwa malire amafuna msonkho wa MRA ndi lisiti, ndipo akaonongeka, mtunda wokadandaula ndi wautali. Kuchokera ku Chitipa, ngakhale Karonga yemwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100.

Palinso malamulo. Woonetsa mafilimu kwa anthu olipira amafunika chiphaso cha Censorship Board, ndipo bungwe la COSOMA limatolera ndalama za eni nyimbo zoimbidwa pagulu. Dikoda yolipiridwa ngati ya m'nyumba siiloledwa kuonetsera mpira pa malo a malonda. Pali malipiro ena a mabizinesi. Msilamu amasunga pangano limene wasainira, ngakhale palibe womuona.

Ndipo pano, abale anga, mpamene pagona nkhani ya Dini. Mtengo wa TV ya bizinesi usakukankhireni kwa akatapira. Riba ndi haramu, ndipo bizinesi yoyamba ndi katapira imagwirira ntchito mwini ngongole. Kuli bwino kuyamba ndi yaing'ono, kuchepetsa maola, n'kumasunga pang'onopang'ono, kapena kusonkherana ndi mnzanu wokhulupirika n'kumagawana phindu. Ndipo ngati yanu yayamba kuda galasi, musaigulitse kwa mnzanu mutabisa chilema chake.

Ife aphunzitsi a madrasa timadziwa tsiku limene kuli mpira waukulu, chifukwa mikeka imakhala yopanda ana. Inu mwini malo, musalole mwana kulowa nthawi ya sukulu kapena ya madrasa, sankhani zoonetsa zoti simungachite nazo manyazi mayi anu atalowa, ndipo adhana ikamveka tsitsani mau. Mbale wathu wa ku Chitipa uja anagulanso ina ya m'nyumba, pakuti ndiyo imene thumba linalola, koma tsopano amaiyatsa Asri ikatha n'kuizimitsa pa Magharibi ndi pa Isha. Akuti makasitomala anazolowera, ndipo tiyi akuyendabe malonda. Allah adalitse rizki lathu ndipo alichititse kukhala la halali. Amina.