ZIPINDA ZA PANSI PA NTHAKA ZIVUTITSA OGULITSA NYUMBA KU AMERICA

Ku madera a kumpoto kwa United States nthaka imauma gwa ndi cisanu m'nyengo yozizira, motero omanga amakumba maziko akuya kupitirira pamene cisanuco cimafika. Dzenjelo salikwirira ai. Limasanduka zipinda za pansi pa nyumba, zimene eni ake amati basement.

Mkangano umabuka tsiku logulitsa nyumba, kapena lokatenga ngongole ku banki. Kawirikawiri mwini nyumba amakonza mbali imodzi yokha, naikamo siling'i, magetsi ndi penti, mbali ina n'kutsala ya simenti cabe, mosungira katundu. Iye amawerenga zonsezo monga nyumba. Woyesa mtengo satero.

Kuyambira pa 1 April 2022, bungwe la Fannie Mae, limene limagula ngongole za nyumba kwa obwereketsa, linalamula kuti oyesa azitsata muyeso wa ANSI Z765. Cipinda cimene ngakhale cipupa cake cimodzi calowa m'nthaka cimalembedwa padera, cikongole cotani. Ndipo kuti cichedwe cotha, siling'i yake iyenera kutalika mafiti 7, ndiko kuti mamita awiri ndi pang'ono.

Pambuyo pake woyesayo amayerekeza nyumbayo ndi zina zofanana nayo zimene zagulidwa posacedwa m'dera lomwelo. Mbali yotha imapatsidwa mtengo wake, koma wocepa poyerekeza ndi zipinda za pamwamba; yosatha imatsika koposa, makamaka ngati zipupa zili ndi cinyezi. Malisiti a simenti ndi matabwa sathandiza kwenikweni, pakuti cimene woyesa afuna kudziwa ndi ndalama zimene ogula ena analipira.