Adokotala apita ku msonkhano

Amayi anzanga, mawu awa mwawamvapo. Mwalawira mbandakucha, mwana ali kumbuyo thupi lili moto, mwayenda maola awiri, ndipo pofika pachipatala mlonda akukuuzani kuti adokotala kulibe, apita ku msonkhano kuboma. Mtima umawawa. Inenso ndinkakwiya nawo mawu amenewa pamene ndinkagwira uzamba pachipatala china chaching'ono cha mishoni, ndisanayambe kuphunzitsa anamwino. Tsiku lotero zonse zinkagwera ine: sikelo, odwala malungo, ndi mayi amene matenda amuyamba.

Komabe ina mwa misonkhano imeneyi ndiyo imagamula ngati mudzapeze mankhwala mwezi wamawa.

Amene timawatchula kuti adokotala kumudzi kuno, ambiri ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant. Sukulu yophunzitsa madokotala m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991, ndipo mpaka lero madokotala ambiri ali m'zipatala zikuluzikulu. Choncho amene amadziwa mlatho umene umakokoloka mu Januwale, ndi mudzi umene amayi ake amafika mochedwa atataya kale magazi, ndi wa pachipatala chaching'onoyo. Chiyambire 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, nkhani zambiri zaumoyo zimakambidwa kukhonsolo: mafuta a ambulansi, kotumiza namwino watsopano, komanga chidikiro. Iye akapanda kupita, mpando wake sulankhula. Amalankhula ndi amene zipatala zawo zili m'mbali mwa tala.

Taganizirani za amayi oyembekezera amene ali ndi HIV. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2010 ankafuna kuti mayi ayambe wayezedwa chitetezo cha m'thupi, chimene timati CD4, kuti adziwe mankhwala omupatsa. Papepala zinali bwino. Koma m'zipatala zathu zing'onozing'ono munalibe makina ake. Magazi ankapita kuboma, zotsatira zinkachedwa, ndipo ena ankachira zisanabwere. Poona zimene zinkachitikadi kumudzi, Unduna wa Zaumoyo unasankha njira ina. Mu 2011 dziko la Malawi linayamba ndondomeko ya Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa akapezeka ndi kachilombo, ayambe ma ARV a moyo wonse osadikira makina. Tinali oyamba kuchita zimenezi, ndipo patapita nthawi WHO inalimbikitsa maiko ena kutsatira. Ana ambiri amene mukuwaona ku Tilitonse lero anabadwa opanda kachilombo chifukwa opanga malamulo anayang'ana chipatala cha kumudzi monga chilili.

Palinso mapangano amene boma limasainirana ndi zipatala za CHAM kuti amayi apakati ndi makanda asamalipire. Ndalama za mapanganowa zikachedwa, chipatala cha mishoni chimasowa pogwira. Woti akazikumbutse kuboma ndi yemwe uja mwamusowa tsiku la sikelo.

Sindikuti misonkhano yonse ndi yaphindu. Ina ndi ya kunyanja, yothamangira alawansi, ndipo munthu amabwerako ndi chikwama chatsopano basi. Ndaziona, ndipo ophunzira anga ndimawauza mosapsatira kuti kusiya odwala chifukwa cha zimenezo ndi tchimo.

Nanga mungasiyanitse bwanji? Chipatala chilichonse chaching'ono chiyenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'midzi yozungulira. Mamembala ake amachitira umboni mankhwala akamatsitsidwa m'galimoto, ndipo amatenga madandaulo a odwala. M'madera ambiri mipando imeneyi amadzaza ndi abambo, chonsecho obereka ndi ogonera odwala ndife. Lowanimo, amayi. Mukalowa, funsani mwaulemu: Adokotala, mwanyamula nkhani yanji popita kuboma? Akuyankhani chiyani? Mukachoka, atsala ndani ndi odwala? Woimira weniweni sakwiya ndi mafunso otere.

Ife pachipatala paja tinadabwa chaka china kuti chidikiro chathu chikungokhala chopanda anthu. Ogwira ntchito tinkaloza chala azamba a m'midzi, ndipo adokotala athu anali atalemba kale zimenezo mu lipoti lopita kuboma. Pamsonkhano wa komiti, mayi wina wachikulire wa bungwe lathuli anaimirira, nakonza chitenje, nati vuto si azamba. Pachidikiro panalibe khitchini. Mvula ikagwa, owadikirira ankaphikira pamtetete, nkhuni zonyowa, ndipo mayi wa miyezi isanu ndi inayi ankagona ndi njala. Ndani angatumizeko mwana wake?

Ine ndinali nditagwira ntchito pamenepo zaka zinayi, ndimadutsa pachidikiropo tsiku ndi tsiku, koma sindinaziganizepo. Adokotala anang'amba tsamba lija nalemba lina. Malata anachokera kukhonsolo, njerwa anaumba amiphakati.