Kujambula Zogwirira Zitseko Zakale: Phunziro la Kupenya

Mau Oyamba

Pa ziŵiya zonse za m'nyumba, chimene dzanja limachikhudza kaŵirikaŵiri koma diso osachilabadira ndicho chogwirira chitseko, chija ambiri timachitcha handulo. Munthu angathe kukhala m'nyumba imodzi zaka 7, namatsekula chitseko chomwecho m'maŵa ndi madzulo, koma mutamfunsa kuti chogwirira chake nchooneka bwanji, adzasoŵa choyankha. M'nkhani ino tifuna kufotokoza ntchito yojambula ndi pensulo zogwirira zakale. Mfundo yathu njakuti kukongola kwa chiŵiya wamba kumaonekera diso lodekha lokha, ndipo kujambula ndiyo njira yophunzitsira diso kudekha. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti ambiri a ife tidzapatsidwa udindo wosamala nyumba zakale, ndipo chinthu chimene sitinachiyang'anitsitse timachitaya osadziŵa kuti tataya chiyani.

1. Chifukwa chake tijambula

John Ruskin, mlembi wa ku England amene adabadwa mu 1819 namwalira mu 1900, adayamba mu 1854 kuphunzitsa kujambula pa Working Men's College mu London, sukulu yamadzulo ya anthu ogwira ntchito zamanja. Iye sadafune kuti akalipentala ndi amisiri ena asiye ntchito zao nkusanduka akatswiri a zithunzi. Adafuna kuti aphunzire kupenya. Ophunzira atsopano ankawaikira mpira woyera patsogolo, kuti aone m'mene kuŵala kumacheperachepera mpaka kuloŵa mu mthunzi. M'buku lake la mu 1857, The Elements of Drawing, amalangiza wophunzira kuti atole mwala wamba ndi kuujambula.

Nzeru imeneyi njosavuta kumva. Diso likangozindikira dzina la chinthu, limaleka kuyang'ana ndi kupita kwina. Kamera nayonso imatenga chithunzi m'kamphindi, mwini wake asanaone kanthu. Koma pensulo siyenda pokhapokha diso litayankha mafunso: mzere uwu wapindikira kuti, mbali iyi njaikulu bwanji poyerekeza ndi inzake, mthunzi wayambira pati? Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chogwirira chitseko nchabwino kuyambirapo chifukwa nchaching'ono, sichisuntha, ndipo nchobulungira ngati mpira wa Ruskin uja.

2. Zigawo zake ndi ntchito zake

Tisanajambule, tiyenera kudziŵa chimene tikuyang'anacho. Chogwirira chobulungira chili ndi zigawo zinai. Choyamba ndi mutu, umene umadzaza chikhato. Chachiŵiri ndi khosi, limene limatalikitsa mutuwo ndi thabwa kuti zala zipeze malo pozungulitsa, zisakhulike. Chachitatu ndi kambale kokhomedwa pa thabwa, kamene kamabisa chiboo ndi kuteteza thabwalo ku thukuta ndi zikhadabo. Chachinai sichioneka: ndi kamtanda kachitsulo ka ngodya zinai, kobooleza chitseko ndi kulumikiza mitu iŵiri, wakunja ndi wam'kati. Kakadakhala kobulungira kakadangoterereka m'kati mwa loko, koma ngodya zake zimakoka lilime la loko, ndipo dzanja likataya, sipuling'i imabweza lilimelo pamalo pake. Motero chigawo chilichonse chili ndi chifukwa chake, ndipo wojambula amene wamvetsa zifukwazo salakwitsa miyeso.

3. Mbiri yake mwachidule

Kufikira pakati pa zaka za m'ma 1800, zogwirira za m'nyumba za anthu wamba ku Ulaya ndi ku America zidali zopanda zokometsera zambiri, zina zamtengo, zina zadothi lootcha, zina zamkuŵa wosalala. Cha m'ma 1870 amisiri a ku America adapeza njira yopanikiza chitsulo chosungunula m'zikombole, kotero kuti timizere tating'onoting'ono tinkatuluka bwino. Makampani a m'dera la Connecticut, monga Russell & Erwin ndi P. & F. Corbin a mu mzinda wa New Britain, ndiponso Yale & Towne ya ku Stamford imene idakhazikitsidwa mu 1868, adayamba kupanga zogwirira zamaluŵa, zamasamba, ngakhale zamutu wa galu kapena wa mkango. Chikombole chimodzi chinkabala zogwirira zambirimbiri, tsono zokometsera zimene kale zidali za olemera okha zidafika pa zitseko za anthu ochuluka.

Akatswiri olemba mapulani a nyumba nawonso sadachinyoze chinthu chaching'onochi. Louis Sullivan, pokonza Guaranty Building ya ku Buffalo imene idatha mu 1896, adafuna kuti zogwirira ndi timbale take zikhale ndi zokometsera za mtundu womwewo umene adakuta nao makoma akunja. Ku Germany, Walter Gropius ndi Adolf Meyer adatsata njira ina: chogwirira chao, chimene kampani ya S. A. Loevy ya ku Berlin idayamba kupanga mu 1923, nchotsindikiza pansi, chopanda duŵa ngakhale limodzi, kamtanda ka ngodya zinai kokha kopindika ndi mpini wobulungira. Pojambula ziŵirizi moyandikana, timaona kuti pa zaka zosakwana 30 maganizo a anthu pa za kukongola adasintha kwambiri.

4. Kajambulidwe kake

Zofunika nzochepa: pensulo, pepala loyera, chofufutira ndi mpando. Tisayambe ndi kupukuta chogwiriracho, popeza kuda kwa m'mizere ndi kusalala kwa pamwamba ndiyo mbiri yake. Tiyambe tachiyang'ana nthaŵi ndithu tisanalembe kanthu.

Chithunzi choyamba tichitenge moyang'anana nacho maso ndi maso. Apa tidzaona mizere yozungulira, wina m'kati mwa unzake. Tilembe mopepuka mzere woimirira ndi wopingasa wodutsa pakati, kenaka tiŵerenge masamba a duŵa, kaya ndi 6 kaya 8, ndi kugaŵa bwalolo molingana tisanayambe zokometsera. Chithunzi chachiŵiri tichitenge cham'mbali. Apa mpamene ambiri amaphonya, chifukwa mutu umatiuza kuti chinthucho nchozungulira, pamene diso likuona chophwatalala ngati dzira. Tikhulupirire diso.

Potsiriza tiike mthunzi. Chitsulo chonyezimira chimasiyana ndi mtengo: malo oŵala kwambiri ndi akuda kwambiri amagundana, ndipo nthaŵi zina zenera la chipinda limaoneka pamutupo ngati m'kalirole. Malo oŵalawo tiwasiye pepala loyera. Tikamachita zimenezi tidzazindikira kuti mbali imene chala chachikulu chimagwira idafufutika koposa zina. Mkuŵa wachikasu, umene ndi kopa wosakaniza ndi zinki, umada pamene sukhudzidwa, numaŵala pamene manja amadutsa. Zogwirira zina zagalasi zidasanduka zofiirira ngati duŵa la mbatata, chifukwa galasi lakale ankalithira manganese kuti liyere, ndipo dzuŵa la zaka zambiri limasintha mtundu wake. Pansi pa chithunzi tilembe tsiku, malo a chitsekocho, miyeso yake, ndi dzina la kampani ngati lidasindikizidwa pa loko.

5. Kukongola kwake nkotani?

Thomas Aquinas Woyera, m'gawo loyamba la Summa Theologiae, funso 39, amatchula zinthu zitatu zofunika kuti chinthu chikhale chokongola: integritas, ndiko kukhala chathunthu, consonantia, ndiko kugwirizana kwa zigawo, ndi claritas, ndiko kuŵala kumene kumaonetsa chimene chinthucho chili. Zitatu zonsezi wojambula amakumana nazo pa chogwirira chabwino. Palibe chigawo chosoŵa kapena chongoonjezera. Mutu, khosi ndi kambale nzolingana pakati pao ndiponso ndi dzanja. Ndipo mlendo pochiona amadziŵa pompo pogwira, popanda womuuza. Ngakhale mkuŵa weniweniwo uli ndi ntchito yobisika, pakuti kopa amapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda, ndipo mu 2008 boma la United States lidavomereza zimenezi m'malamulo ake.

Komabe tisakometse zakale mopitirira muyeso. Chogwirira chobulungira chimafuna zala zamphamvu zofinya ndi kupotoza. Nkhalamba ya nyamakazi, munthu wopuwala dzanja, kapena mai amene wanyamula mwana ndi katundu, amavutika nacho, pamene chotsindikiza pansi angathe kuchitsekula ndi chigongono. Nchifukwa chake mu 2013 khonsolo ya mzinda wa Vancouver ku Canada idavomereza lamulo lakuti nyumba zatsopano zisaikidwe zogwirira zobulungira. Ngati kukongola kwa chiŵiya kumagona pa kugwirizana kwake ndi dzanja, tiyenera kufunsanso kuti dzanjalo nla yani. Pamene chogwirira chakale chikutsekereza ofooka kunja, chiyenera kusinthidwa; koma chiyambe chajambulidwa, kenaka chisungidwe kapena chiikidwe pa chitseko china, chisaponyedwe ku dzala.

Mau Otsiriza

Zimene taphunzira pa chitseko zimagwiranso ntchito pa ziŵiya zina. Ku Japan, Yanagi Soetsu adasonkhanitsa mbale, madengu ndi nsalu zopangidwa ndi amisiri osadziŵika maina, natsekula nyumba yoziwonetsera mu Tokyo mu 1936, pofuna kutsimikiza kuti zinthu zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zili ndi kukongola kwakekwake. Zaka mazana ambiri iye asanabadwe, Benedict Woyera, m'mutu 31 wa Malamulo ake, adalangiza wosunga katundu wa amonke kuti azisamala ziŵiya zonse za panyumba monga asamalira ziŵiya zopatulika za pa guwa.

Kwathu kuno zojambula sizisoŵa. Mthiko uli ndi mbali imene idadyeka ndi mphika, ndipo mbaliyo imaulula dzanja limene mwini wake amavundulira nsima. Munsi umasalala pamene zikhato zimagwira. Lichero lili ndi malukidwe obwerezabwereza amene angathe kuŵerengedwa monga masamba a duŵa lamkuŵa lija, ndipo mpiringidzo wa chitseko chakumudzi umachita ndi mtengo umodzi ntchito imene loko amachita ndi zitsulo zambiri. Tsono tikulangiza kuti aliyense asankhe chiŵiya chimodzi cha m'nyumba imene akukhalamo, achijambule kaŵiri, chakutsogolo ndi cham'mbali, ndipo alembe pansi pake zimene sadaziwone kale. Zithunzi zotere zikasungidwa pamodzi m'kabuku, amene adzakonze nyumbayo m'tsogolo adzadziŵa zimene zidalimo, ndipo adzayamba aganiza asanazule kanthu pa chitseko.