Feteleza ndi kayengedwe ka mankhwala a arnica ndi artemisia

Arnica ndi artemisia ndi zomera ziwiri za banja limodzi ndi mpendadzuwa, deliya ndi chisoso, banja lomwe akatswiri a zomera amalitcha Asteraceae. Arnica amamera m'mapiri a ku Ulaya, ndipo maluwa ake amapangira mankhwala opaka. Artemisia anachokera ku China, amalimidwa m'maiko angapo a mu Africa, ndipo masamba ake ndiwo chiyambi cha mankhwala a malungo otchedwa LA omwe amaperekedwa m'zipatala za ku Malawi. Zomera ziwirizi zimaonetsa kuti mphamvu ya mankhwala a chitsamba sikhala yofanana nthawi zonse. Imasintha malinga ndi mtundu wa mbewu, nthaka, feteleza, nthawi yokolola, kaumitsidwe ndiponso njira yoyengera mankhwalawo.

Zomerazi ndi mankhwala ake

Arnica montana ndi chomera chachifupi chokhala ndi maluwa achikasu onga a mpendadzuwa waung'ono. Chimapezeka m'malo odyetsera ziweto a m'mapiri monga Alps, Pyrenees ndi Carpathians, ndipo sichimera mwachilengedwe mu Africa. Mphamvu yake yaikulu ili mu mankhwala otchedwa helenalin ndi dihydrohelenalin, omwe amachepetsa kutupa. Mu 2014 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la European Medicines Agency linavomereza arnica ngati mankhwala achikhalidwe opaka pa mikwingwirima, pobinya ndi pa minofu yowawa. Buku la malamulo a mankhwala ku Ulaya limafuna kuti maluwa ouma akhale ndi mankhwala a gulu limeneli osachepera 0.4 peresenti ya kulemera kwake.

Artemisia annua ndi chitsamba cha fungo lamphamvu chomwe chimatha kutalika mamita awiri m'nyengo imodzi. Mankhwala ake, artemisinin, amapangidwa m'timatumba ting'onoting'ono ta pa masamba ndi maluwa, tosaoneka bwino ndi maso. Tsinde lili ndi mankhwala ochepa kwambiri. Mitundu ina ya artemisia imakhala ndi artemisinin wosakwana 0.1 peresenti m'masamba ouma, pomwe mitundu yosankhidwa bwino imapitirira 1 peresenti. Motero masamba awiri ooneka mofanana angathe kusiyana mphamvu kakhumi kapena kuposerapo. Palinso mtundu wina wa mu Africa momwemo, Artemisia afra, womwe umamera m'malo okwera kuyambira ku Ethiopia mpaka ku South Africa. Mtundu umenewu uli ndi artemisinin wochepa zedi kapena ulibiretu, ngakhale anthu ambiri amausokoneza ndi wa ku China.

Zomwe feteleza amachita

Mlimi wa chimanga amathira feteleza wokulitsa wa NPK ndi wobereketsa wa Urea kuti akolole matumba ambiri. Pa zomera za mankhwala kuchuluka kwa zokolola sikokwanira, chifukwa chofunika ndi kuchuluka kwa mankhwala m'galamu iliyonse ya maluwa kapena masamba.

Alimi a fodya a m'chigawo chapakati amadziwa kuti feteleza amasintha khalidwe la tsamba. Nikotini wa mu fodya ali ndi nayitrojeni m'kapangidwe kake, n'chifukwa chake feteleza wa nayitrojeni akachuluka fodya amawawa kwambiri. Helenalin ndi artemisinin alibe nayitrojeni. Amapangidwa ndi carbon, hydrogen ndi oxygen basi. Choncho Urea, yemwe ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, amakulitsa tsinde ndi masamba koma sawonjezera mankhwalawa pa mlingo womwewo. Kafukufuku wina pa artemisia waonetsa kuti nayitrojeni akapitirira muyeso, mlingo wa artemisinin m'tsamba umatsika. Munda umaoneka wobiriwira bwino, matumba amadzaza, koma galamu iliyonse imakhala yofooka. Kumana mbewu chakudya sikuthandizanso, chifukwa chomera chopinimbira chimapereka masamba ochepa. Mlimi wa zomera zotere amafuna mlingo wapakati, ndipo mlingo umenewu umadziwika poyeza nthaka ndi masamba.

Pa arnica nkhani ya feteleza yakhudza moyo weniweni wa chomeracho. Arnica amakonda nthaka ya asidi yopanda chonde chambiri. Alimi a ku Ulaya atayamba kuthira feteleza ndi manyowa ochuluka m'malo odyetsera ziweto, udzu wautali unakula msanga ndi kuphimba arnica, yemwe masamba ake amayala pansi. Chomerachi chinasowa m'madera ambiri a m'zigwa, ndipo ku Germany ndi kwina chimatetezedwa ndi lamulo. Maluwa ambiri ogulitsa amathyoledwabe kutchire, makamaka m'mapiri a ku Romania. Ofuna kulima arnica amagwiritsa ntchito mbewu yosankhidwa monga Arbo ya ku Germany. Amathira feteleza pang'ono ndipo amapewa laimu, chifukwa m'nthaka ya laimu masamba amachita chikasu posowa ayironi.

Malo ndi mtundu wa mbewu zili ndi gawo lakenso. Arnica wa ku Spain amakhala ndi dihydrohelenalin wambiri, pomwe wa pakati pa Ulaya amachuluka helenalin. Artemisia wa ku China akadzalidwa m'maiko otentha, komwe usana sutalika kwenikweni, amafulumira kuchita maluwa asanakule. N'chifukwa chake alimi a ku Kenya, Tanzania, Uganda ndi Madagascar amadzala mbewu za haibridi zochedwa kuchita maluwa.

Kukolola ndi kuumitsa

Maluwa a arnica amathyoledwa atangomasula, kunja kutauma, ndipo amaumitsidwa msanga pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 40. Artemisia amadulidwa maluwa akamayandikira kutuluka, nthawi yomwe artemisinin amakhala wambiri. Masamba akaumitsidwa pa moto kapena mu uvuni wotentha kwambiri, mankhwala amawonongeka. Akaunjikidwa aawisi amachita chuku. Akapunthidwa mosasamala, timatumba ta mankhwala timaphulika. Ngakhale masamba ouma bwino amataya mphamvu akasungidwa miyezi yambiri pamalo otentha ndi achinyezi.

Njira zoyengera

Kuyenga ndiko kuchotsa mankhwala m'chomera pogwiritsa ntchito madzi, mafuta, spiriti kapena zosungunulira zina. Chosungunulira chilichonse chimakoka mankhwala ena ndi kusiya ena. Madzi amakoka zinthu zomwe zimasungunuka ngati shuga ndi mchere, pomwe mankhwala okhala ngati utomoni amafuna spiriti kapena mafuta.

Njira yodziwika ya arnica ndiyo kuviika gawo limodzi la maluwa ouma m'magawo khumi a spiriti wa ethanol wa 70 peresenti, kenaka kusefa. Spiriti amakoka helenalin wochuluka. Ena amaviika maluwawo m'mafuta monga a mpendadzuwa popanga mafuta otikitira minofu. Palinso timapiritsi ta arnica ta mchitidwe wa homeopathy, tomwe mankhwala ake amasukulutsidwa mobwerezabwereza mpaka helenalin wotsalamo amakhala wochepa zedi. Zinthu zitatuzi zimagulitsidwa ndi dzina limodzi la arnica koma mphamvu yake ndi yosiyana kotheratu.

Mbiri ya artemisinin ikuonetsa bwino kufunika kwa kayengedwe. Mu 1967 boma la China linayambitsa ntchito yofufuza mankhwala atsopano a malungo yotchedwa Project 523. Ofufuza atayesa artemisia woyengedwa pa kutentha kwakukulu, zotsatira zinali zosadalirika. Katswiri wina wamkazi, Tu Youyou, anawerenga buku la sing'anga Ge Hong wa zaka za m'ma 300, yemwe analangiza kuviika masambawo m'madzi ndi kufinya, osati kuwiritsa. Tu anaganiza kuti moto ndiwo unkawononga mankhwalawo. Mu 1971 anayenga masamba ndi ether, yemwe amawira pa madigiri 35 okha, ndipo zomwe anapeza zinapha tizirombo tonse ta malungo mu mbewa zoyeserera. Artemisinin weniweni anapatulidwa mu 1972, ndipo Tu analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Masiku ano mafakitale amayenga artemisinin ndi zosungunulira monga hexane, n'kumusandutsa artemether kapena artesunate.

Tiyi wa artemisia ndi njira yofooka chifukwa artemisinin sasungunuka bwino m'madzi. Kafukufuku wa ku yunivesite ya Tübingen ku Germany, wofalitsidwa mu 2004, anapeza kuti lita imodzi ya tiyi wopangidwa ndi magalamu 9 a masamba ouma inali ndi mamiligalamu 94.5 a artemisinin, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mlingo womwe wodwala amafunika patsiku.

Ku Chigwirizano ndi madera ena a Lilongwe

Arnica sangachite bwino m'nyengo ya Lilongwe chifukwa ndi chomera cha m'maiko a chisanu. Artemisia amamera, ndipo mabungwe olimbikitsa mankhwala achilengedwe monga anamed afalitsa kalimidwe kake m'Malawi. M'misika ya madera monga Chigwirizano, Chinsapo ndi Kawale anthu amagula mankhwala a zitsamba ouma kapena aufa, monga chammwamba ndi nimu, nthawi zambiri m'timapepala topanda chizindikiro. Wogula sadziwa mtundu wa mbewu, feteleza yemwe anathiridwa, mwezi womwe masamba anadulidwa, kapena nthawi yomwe akhala padzuwa pamsika. Pa ufa wa chammwamba wothira m'phala kusiyana kumeneku si koopsa kwenikweni. Pa malungo, makamaka kwa ana osakwana zaka zisanu ndi amayi oyembekezera, mlingo woperewera ungachititse imfa.

Dziko la Malawi linaona kale kuipa kwa tizirombo topima mankhwala. Mu 1993 linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kuyamba SP, yemwe anthu amamudziwa kuti Fansidar. SP nayenso atafooka, LA analowa m'malo mu 2007. Piritsi limodzi la LA lili ndi mamiligalamu 20 a artemether ndi 120 a lumefantrine, ndipo munthu wamkulu amamwa mapiritsi anayi kawiri patsiku kwa masiku atatu. Artemether amapha tizirombo tambiri msanga koma sakhalitsa m'magazi. Lumefantrine amatsala kuti amalize totsalato. Tiyi wa artemisia alibe mnzake womalizitsa ntchito. Wodwala angamve bwino masiku ochepa, malungo n'kubwereranso, ndipo tizirombo topulumuka timakhala tomwe tikupirira artemisinin. Kupima kotere kunaoneka koyamba ku Cambodia, ndipo kwapezekanso ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linanena kuti silivomereza tiyi, ufa kapena makapisozi a masamba a artemisia pochiza kapena kupewa malungo. Ku Malawi mankhwala ogulitsa amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Chenjezo

Arnica ndi wopaka pakhungu basi. Helenalin ndi poizoni akamwedwa: amasanzitsa, amatsegula m'mimba ndipo angasokoneze kagundidwe ka mtima. Sapakidwa pa bala lotseguka, m'maso kapena m'kamwa, ndipo anthu ena amatuluka zidzolo akakhudza zomera za banja la mpendadzuwa. Munthu wotentha thupi ayenera kuyezetsa magazi kuchipatala, ndipo akapezeka ndi malungo amalize mapiritsi onse a LA ngakhale atayamba kupeza bwino.